Ndinakana Kuloza Amayi Anga ndi Chizungu

Uthenga unandipeza kudimba, miyendo ili m'matope, ndikukumba mbatatesi. Foni ndimaimanga pansonga ya chitenje, ndiye inayamba kunjenjemera m'chiuno ngati chiwala chogwidwa mapiko. Ndinapukuta dzanja paudzu, ndinadina pobiriwira paja, ndipo ndinamva mawu a mdzukulu wanga Tadala, mwana wa mwana wanga wamkazi, akupuma ngati wakwera chitunda chothamanga.

"Agogo, mwakhala pansi?"

"Ndikhale pansi m'matope, mkazi mnzanga? Nena msanga, usandidule mtima."

"Anditenga, agogo! Dzina latuluka. Ndikukaphunzitsa Chizungu kusekondale."

Khasu ndinaliponya uko, dengu uko. Nthungululu inatuluka yokha, osaipempha, inakagunda phiri n'kubwerera. Ndinavina pamzere wa mbatatesi mpaka ndinaufafaniza, ndipo nyimbo inabadwa pomwepo, m'matope momwemo:

Chizungu chabwera pakhomo, chabwera,
chagogoda chokha, chagwada chokha,
kwa Velonika wa Sitandade 3, chabwera!

A Nachisale, amene dimba lawo lagundana ndi langa, anaimirira ali gwa ndi ndowa m'manja. "Kwagwanji a Velonika? Njoka?"

"Si njoka mayi, ndi Chizungu!"

Iwo anaseka, koma sanadziwe kuti ine ndi Chizungu tili ndi mlandu wakalekale. Mlandu umenewo ndi umene ndikufuna muumve. Akundilembera ndi apongozi anga, akazi a mwana wanga, pakuti dzanja langa limatha dzina langa ndi manambala a nyimbo za kwaya basi. Ndawauza kuti mawu a Chizungu awalembe monga ndikuwatchulira ine, asawakonze. Ndinawagula modula, ndi anga.

Ndikukumbukira ndili kamtsikana kosatha msinkhu, kumudzi kwathu kumtunda kwa Lobi. Sukulu yathu inali chisakasa cha udzu. Miyezi yachisanu nkhungu inkalowa m'kalasi n'kukhala nafe limodzi, zala zinkauma, choko chinkagwa chokha pasileti. Makolo anatopa nazo, anagwirizana zomanga nyumba yanjerwa. Amuna anaumba ndi kuwotcha kumtsinje, ndipo amayi anasenza. Uvuni unali kunsi, sukulu inali pamwamba pa chitunda, ndiye ganizirani inu. Bambo anga anali ku Joni nthawi imeneyo, choncho amayi anga, a Nangozo, anasenza gawo lawo ndi la amuna awo lomwe. Anasenza, anasenza, mwana ali kumsana, mpaka tsitsi la pakati pamutu, pokhala nkhata paja, linatha. Silinamerenso bwino mpaka imfa yawo.

Makoma anaima, ofiira, okongola. Koma denga linali la udzu, ndipo mvula ya kwathu mukuidziwa.

Aphunzitsi athu anali a Gwetsani, mnyamata wamtali wanjinga yakuda, womanga miyendo ya thalauza ndi tizitsulo. Ndisawanamizire, sanali munthu wankhanza. Ndiwo anandigwira dzanja polemba dzina langa koyamba. Koma anali ndi matenda amodzi: ankakonda mawu ataliatali a Chizungu monga ena akondera kachasu. Ukachedwa kusukulu sankakumenya, ankakugwetsera liwu limodzi lotalika ngati sitima yapamtunda, iwe n'kumanjenjemera osadziwa ngati wakhululukidwa kapena waphedwa. Madoda a m'mudzi ankawaitana dala pabwalo kuti alankhuleko, ndipo liwu likatalika ankagwedeza mitu: "Koma mwana uyu sukulu anaimwa!" Kwathu maphunziro tinkawayeza ngati mzere wa m'munda. Wautali ndiye wa mlimi weniweni.

Sukulu yathu inkathera Sitandade 3. Wofuna kupitirira ankayenera kupita kusukulu yaikulu yogonera komweko, kutali, ndipo malo a mtsikana anali amodzi. Wosankha anali aphunzitsi.

Tsiku lina anatiuza kuti kukubwera bwana woyendera sukulu kuchokera kuboma, kudzaona nyumba yatsopano. Mwana mmodzi adzalankhula Chizungu pamaso pa mlendoyo ndi makolo onse. Anasankha ine. Sikuti ndinali wanzeru kuposa anzanga ayi, koma ndinali ndi khutu. Nyimbo ndikaimva kamodzi kutchalitchi, ndinkafika nayo kunyumba yathunthu, yosataya ndi kambewu komwe.

"Velonika, ukalankhula bwino tsiku limenelo, malo aja ndi ako," anatero a Gwetsani.

Ndinathamanga chitunda chonse kukawauza amayi. Anandinyamula ngati khanda, msinkhu wonse uja.

Mawuwo anali ambiri, ndipo ine ndinawaphunzira monga ndidziwira: ndinawasandutsa nyimbo yapamtondo. Munsi ukagwa, kachidutswa ka liwu kagwa. A-ni-so-fi-si-ti-ke-te-di! Su-pa-si-ti-sha-si! I-li-ta-le-ti pu-lo-je-ni-ta-zi! Gaga ankauluka, ine ndikuimba, amayi akuvomera. Posakhalitsa mudzi wonse unkaidziwa nyimboyo. Azimayi pachitsime ankandiimitsa: "Tatiimbira ija yaitali ija, Velonika." Amayi anga ankakonda kwambiri supasitishasi. Ankati liwu limeneli likumveka ngati nsalu yatsopano ikamakhuzana, ndipo ndikalifika ankagwedeza mapewa n'kuponda pansi.

Kutatsala pang'ono kuti mlendo abwere, a Gwetsani ananditsalitsa anzanga ataweruka kuti andiphunzitse kaimidwe. Manja kumbuyo poyamba, kuwerama pang'ono potchula bwana. Kenaka anati, "Ukafika pa mawu anayi aja, utambasule dzanja, uloze kumene kwakhala makolo."

Ndinaima. Kwathu mwana saloza wamkulu ndi chala. Ngakhale manda sitiloza, nanji amayi amoyo.

"Aphunzitsi, ndiwaloze chifukwa chiyani?"

"Chifukwa mawuwo akunena iwo."

"Akunena kuti chiyani?"

"Iwe ntchito yako n'kutchula."

"Pepani aphunzitsi. Nyimbo ya maliro siimbidwa ndi nkhope ya ukwati. Ndikapanda kudziwa, ndiseka polira."

Anandiyang'ana, kenaka anaseka, ndipo ndinaona kuti funsolo lawakomera. Palibe anali atawafunsapo. Anthu ankangowaombera m'manja. Anatenga choko, analemba liwu loyamba pabolodi kuchokera kumapeto kuno mpaka uko, n'kuyamba kulidula ndi timizere.

"Liwu lalitali lili ngati nzimbe," anatero. "Usaliope kutalika. Lili ndi mfundo, ndipo umalidula pamfundo. Ona kamutu aka, ani. Kameneka ndi kokana, monga timanenera kuti osa. Chapakatichi ndiye thunthu lake, munthu wotsogola, wodziwa za m'tauni. Kamchira aka kakuti anapangidwa kale choncho. Ukalumikiza, ndiye kuti osatsogola, anthu achimidzi."

Ndinaona zodabwitsa, chinthu chimene ndinkachiyesa mwala chikumasuka ngati mtolo wa nkhuni. Ndinakondwa, ndisaname, ndinakondwa kwenikweni. Koma iwo anapitiriza. Supasitishasi, okhulupirira zithumwa, maula ndi ufiti. Ilitaleti, osadziwa ngakhale A.

"Nanga pulojenitazi?" Limeneli ndinkaliyesa dzina la duwa.

"Makolo."

"Makolo basi? Liwu lonse lija?"

"Basi."

"Nanga lalifupi kulibe ku Chizunguko?"

"Liliko. Koma mlendo wolemekezeka sumuphera kamwanapiye, umamuphera tambala."

Ndinalumikiza nzimbe zija m'mutu mwanga, imodzi imodzi. Ndiye kuti ndinkapempha bwana kuti atipulumutse ife ana ku mdima wa makolo athu achimidzi, okhulupirira zithumwa, osadziwa ngakhale A.

"Ndiye kuti ndikunena kuti amayi ndi mbuli?"

"Sukuwatukwana, ukufotokoza mmene zinthu zilili," anatero, nkhope itasintha. Analoza denga, pomwe dzuwa linkalowera m'mabowo. "Ukuona apo? Tikufuna malata. Bwanayo akamva chisoni, malata abwera. Wopempha saima chilili, amadzichepetsa. Ndipo amayi akowo samva kanthu, adzangosangalala. Walakwiridwa ndani?"

Ndinatsika chitunda pang'onopang'ono tsiku limenelo. Chimene chinkandiwawa n'chakuti mawuwo sanali bodza lokhalokha. Zoona, amayi sankadziwa A. Zoona, mlongo wanga wakhanda anali ndi kachithumwa m'khosi, pambali pa mendulo ya Amayi Maria. Koma nanga mutu wopanda tsitsi uja unali m'liwu liti? Pa nzimbe zonse zija, mfundo yonena za njerwa inali iti?

Ndinawapeza amayi akusita diresi langa ndi simbi yamakala yobwereka.

"Amayi, mawu aja..."

"Usandiuze kuti waiwala, mwanawe. Ndauza anthu mpaka ku Kabwazi."

"Sindinaiwale."

"Ndiye taimba, ndisite bwino."

Ndinaimba. Mawu anatuluka, koma sankakomanso m'kamwa. Zinali ngati kutafuna nzimbe yoboola mbozi.

Tsikulo linafika lozizira, nkhungu itakuta phiri. Amayi anandidzoza mafuta a nsatsi m'miyendo mpaka inawala. Makolo anakhala pansi mbali imodzi, azimayi pamphasa, madoda pazitsa ndi panjerwa zotsala. Mlendo anakhala pampando wokhawo wamsana umene unali m'mudzi. Anali wakuda ngati ife tomwe, wonenepa, wamagalasi, nsapato zake zopanda fumbi. Tinaimba, anyamata anaguba, kenaka a Gwetsani anaitana dzina langa.

Ndinali nditaganiza zongonena. Ndinkadziuza kuti ndi mawu anayi okha, nditseka maso, ndidumpha ngati ngalande, kutsidya kuli sukulu yogonera komweko, kuli nsapato, kuli bedi. Ndinayamba bwino. Liwu langa linakwera, loyera, mlendo anakweza mutu. Chiganizo chilichonse chikatha, manja! Ndinafika pamalo paja. Dzanja langa linayamba kunyamuka lokha monga linaphunzitsidwira.

Ndipo ndinawaona amayi. Anali atadzuka kale pamphasa, duku litasendera kumbuyo, dazi lija lili poyera, chikhatho chili pakamwa kukonzekera nthungululu. Ankadikira liwu lawo lokondedwa. Ankadikira kuti mwana wawo awatche mbuli pamaso pa mlendo, iwo avine.

Dzanja linabwerera pansi. Pakamwa panatsekeka.

Ndinamva mbuzi ikulira kutsidya. A Gwetsani ananong'oneza kumbuyo kwanga, "Ani... ani..." kuyesa kuti ndaiwala. Ananong'onezanso, mano atalumana.

Ndinagwada monga mwana agwadira mlendo, ndipo ndinalankhula m'Chichewa chathu chomwechi. "Bwana, aimirira apowo ndi amayi anga. Njerwa za khoma ilo anasenza ndiwo ndi anzawo akhala apowo. Mawu otsalawo ndikuwadziwa, koma sindinena."

Mlendo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, maso ali pansapato zake. A Gwetsani anandigwira mkono n'kundikokera kumbuyo kwa nyumba. Kenaka anabwerera n'kuitana Agata, mnzanga wokhala naye pabenchi, amene anali ataigwira nyimbo yonse pomva ine. Agata anaimirira, anayambira pomwe ndinalekera, anatambasula dzanja, analoza. Ndili kuseri kwa khoma ndinamva mawu anayi aja akugwa limodzi limodzi, ndipo ndinamva nthungululu za azimayi zikung'amba nkhungu. Anthu anaganiza kuti mwana wa a Nangozo wagwidwa ndi mantha, waiwala, ndiye wayamba kubwebweta za njerwa.

Ine ndi amayi tinatsika chitunda. Titafika pakhomo anathyola kanthambi ka pichesi.

"Wandivula pagulu, Velonika. Mwezi wonse ukutisokosera pamtondo, lero pakamwa pauma?"

"Sindinaiwale, amayi."

"Nanga?"

Ndinawadulira nzimbe zija monga anandidulira aphunzitsi, mfundo ndi mfundo. Nditafika pa supasitishasi anayang'ana khosi la mwana amene anali kumsana kwawo. Kanthambi kanatsika. Anakhala pakhonde, anakonza duku. Ine ndinkadikira kuti andikumbatira.

Sanandikumbatire. Anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Chitsiru cha mwana! Mawuwo akanandidya chiyani? Akanandithyola mwendo? Ine kutukwanidwa ndinakuyamba lero? Ndikanatukwanidwa tsiku limodzi, iwe n'kuphunzira moyo wonse. Njerwa zija ndinkasenzera ulemu wanga kodi? Ndinkasenzera iwe!"

"Sindikanatha kukulozani, amayi."

"Ukanangoti mutu ukundipweteka! Ukanatsokomola pamawupo! Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, sumaiponya pamoto anthu akuona."

M'mawa mwake anagwira nkhuku yathu yoikira, anandigwira ine dzanja lina, tinakwera chitunda. Anagwada pakhomo la aphunzitsi, munthu wamkulu kugwadira mnyamata woti akanamubala. Anapepesa, anapepesanso. A Gwetsani nkhuku sanalandire. Anati malo apita kwa Agata, nkhani yatha. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kundiponyera liwu lomaliza: "Chimene wachita iwe ndi insabodineshoni."

Amayi anandifinya dzanja kuti ndikhale chete. Koma ine ndinali nditalawa kale.

"Ndiye kuti chiyani, aphunzitsi?"

Anandiyang'ana ngati afuna kuseka, ngati afuna kulira. "Mwano," anatero.

Mwano. Kaliwu kathu kakafupi, kotha ndi mpweya umodzi, iwo anakakwezera sitima yonse ija. Tinatsika ndi nkhuku yathu.

Tsono ndinene zonse, ndisabise zondiwawa. Malata anabwera. Kaya anabwera chifukwa cha chisoni cha bwana uja, kaya anali panjira kale, sindidziwa, koma anabwera, ndipo ana anaphunzira mosanyowa. Agata anapita kusukulu yogonera komweko, anakhala namwino, anakalamba m'nyumba yamagetsi ku Lilongwe, ndipo sindinamusungire kanthu kukhosi. Iye sankadziwa chimene ankanena. Ine ndinatsala. Ndinalima nyemba, ndinalima mbatatesi ndi nsawawa, ndinakwatiwa, ndinabala, ndinaika ena m'manda. Pali masiku amene ndinkaima pamsewu ndi dengu kudikira ogula, mvula ikundimenya, n'kumaona akazi amsinkhu wanga akudutsa pagalimoto, ndipo mtima unkandifunsa: Velonika, mawu anayi okha? Unkandifunsa ndithu. Koma yankho langa silinasinthe ngakhale tsiku limodzi. Ndikanabwerera pabwalo lija lero, dzanja limeneli likanatsikanso.

Amayi sananenepo kuti ndinachita bwino. Anapita kumanda osanena. Koma tamverani chimene chinachitika. Kutapita miyezi, kunabwera mlangizi wa zaulimi, anasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo, n'kumasakaniza Chichewa ndi mawu ake ataliatali. Atagwetsa limodzi lalikulu, anthu anayamba kuomba m'manja mwachizolowezi. Amayi anga anakweza dzanja, ali chikhalire pamphasa.

"Pepani achimwene. Tamasulirani kaye limenelo, manja tiombe pambuyo."

Anthu anaseka, mlangizi anachita manyazi pang'ono, koma anamasulira, ndipo zinapezeka kuti ankanena zothira manyowa. Kuyambira pamenepo unakhala mkhalidwe wawo. Pamsonkhano wa sukulu, wa tchalitchi, wa chipatala, a Nangozo ankakweza dzanja: "Tamasulirani kaye." Azimayi ena anatengera. Mpaka anyamata anawapatsa dzina loti a Tamasulirani, ndipo iwo ankavomera. Tikamabwerera kumisonkhano yotero sankandiyang'ana, ine sindinkawayang'ana, koma ankandisenzetsa mtolo wopepuka.

Musandimve molakwa, ine mawu ataliatali sindidana nawo. Ndinawaimba, ndipo mpaka lero ndikamapeta nyemba amabwera okha pakamwa, amakoma kutchula. Tadala ali kukoleji ankabwera patchuthi n'kumandidulira ena. Anandiuza kuti ambiri mwa iwo Azungu nawonso anachita kubwereka kwa mitundu ina yakale, n'kumalumikiza zidutswa, ndipo ngakhale kwawoko munthu wamba pogula tomato sawagwiritsa ntchito. Anati alipo ena amene amatalika chifukwa katundu wake ndi wambiri, monga a kuchipatala, pomwe liwu limodzi limanena chiwalo, nthenda ndi pamene yagwira, kuti madokotala amvane msanga osalakwitsa. Amenewo ndiwalemekeza, ndi ngolo yodzaza. Adokotala atandiuza kuti ndili ndi haipateshoni ndinawafunsa monga ankafunsira amayi anga, ndipo anandiuza kuti magazi akuthamanga mopanikiza, ndichepetse mchere. Ndinawathokoza, mchere ndinachepetsa. Koma alipo ena amene amatalika kuti iwe ufupike. Alipo amene munthu amawasankha dala kuti anene pamaso pako chimene sangayerekeze kukuuza m'chinenero cha amako. Amenewo ndi ngolo yophimba ndi lona, ndipo ine sindikwera ngolo yophimba, ngakhale ikupita kusukulu.

Chimene ndikumvetsa lero, tsitsi litayera, ndi ichi. A Gwetsani anandichotsera sukulu, koma anandisiyira mpeni wodulira nzimbe, ndipo sanadziwe kuti akundipatsa. Amayi anali ndi zoona zawo, mwana sadya ulemu. Inenso ndinali ndi zanga, ndipo sindinazigulitse. Liwu lililonse, litalike ngati msewu wa ku Lilongwe, likafika pakhomo pako liyenera kuvula chipewa n'kunena dzina lake. Likakana, usaliombere m'manja.

Tadala anafika Loweruka pa kabaza, chikwama chili pamiyendo. Asanatsike n'komwe ndinamugwira makutu onse awiri.

"Tamvera kuno, madamu."

"Agogo, anthu akuona!"

"Aone! Ukawaphunzitse onse, ataliatali omwe, asatsale ndi limodzi. Ana a alimi a mbatatesi nawonso awatchule mpaka malilime atope. Koma mwana akakweza dzanja n'kufunsa kuti ndiye kuti chiyani, umuuze, ndipo akamva n'kukana kutchula, usamuthamangitse. Ukamuthamangitsa ndidzabwera ndi ndodo yangayi mpaka m'kalasi."

"Mudzalankhula Chizungu chanji kumeneko, agogo?"

"Insabodineshoni!" ndinatero, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi pafumbi ndi siketi yake yatsopano.

Tsono anthu anabwera, eee, anabwera! Apongozi, lembani bwino, asatsale ndi mmodzi. Anabwera a Nachisale a kudimba ndi ndowa ya thobwa pamutu. Anabwera a Nabanda ndi a Naphiri, akuimba asanafike n'komwe. Anabwera make Tadala, mwana wanga Sesiliya, akulira ngati pamaliro, ndi amuna ake a Damiyano atanyamula tambala chadodolido. Anabwera mlongo wanga Lafaeli, wakhanda uja, lero nkhalamba yopanda mano, atakwezedwa panjinga. Anabwera a Matiyasi a katekisiti ndi akazi awo a Najere. Anabwera a Filipo oimba ng'oma, a Jenala ogulitsa kabichi, a Nankhoma a kutsidya ndi mapasa awo Pilirani ndi Pempho. Anabwera a kwaya yathu, a Lusiya, a Magadalena, a Telezia ndi a Rozina mawu ali okonzeka. Anabwera a Zakaliya a ku Bembeke wapansi, ndi a Namaseko a ku Kabwazi amene miyendo inawakana kale koma tsiku limenelo inavomera. Anabwera Yohane, Chisomo, Mphatso, Takondwa ndi Dalitso, zidzukulu zanga zonse. Panali Tadala, madamu a Chizungu, atakhala pakati. Ndipo patsogolo pa onse, chitenje chili m'chiuno, fumbi lili kobo, panali ine, Velonika, mwana wa a Nangozo.